Mvula Imene Ndinaiyesa Chizimalupsa

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu Atate, mwini mvula ndi dzuwa, amene wandisunga kufikira ukalamba uno m'dziko limene sindinabadwiremo. Anandidyetsa ndili mlendo, anandipatsa amayi anu, anandipatsa inu, Tiyamike ndi Dalitso, ndi adzukulu amene amadzaza nyumba ino ku Ilford Lamulungu lililonse. Ndimthokozanso chifukwa cha manyazi amene anandiveka, pakuti ndikadapanda kuwavala sindikadadziwa kulemera kwa chifundo. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti kumva mumamva, koma kuyankha mumayankha m'Chingerezi. Werengani pang'onopang'ono, ndipo pamene pakuvutani mufunse amayi anu. Kuyambira muli ana mwakhala mukundiseka kuti mukandifunsa ngati kugwe mvula, ine munthu wa kumunda moyo wanga wonse ndimangoti, "Tiona." Gawo lino likufotokoza kumene yankho limenelo linachokera.

1970 mpaka 1973

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulangizi wa zaulimi ku Mchinji. Anandipatsa njinga, kabudula wa khaki ndi midzi yoti ndiziyendera. Aliyense wobadwira kwathu amadziwa kuti tchire likapsa, kutentha kukafika pachimake, imagwa mvula ina yoyamba imene timati chizimalupsa. Imadza ndi mabingu, imatsuka phulusa, fungo la dothi limakwera, mtima wa mlimi umalumpha. Koma si mvula yobzalira. Ikagwa imachoka, dzuwa limabwerera ndi ukali. Chaka changa choyamba chizimalupsa chinagwa chambiri ndithu, ndipo mabanja ena amene anali atalandira mbewu yatsopano ya chimanga anakopeka, nathamangira kubzala. Chimanga chinamera bwino, ng'amba inafika, ndipo ndinaona ndi maso anga mphukira zikupsa m'mizere. Mbewu ina yobwezera panalibe. Kuyambira pamenepo ndinkalalikira za chizimalupsa ngati Uthenga Wabwino: musathamange, dikirani mvula yeniyeni. Ndipo kumeneko ndinkanena zoona.

Mu 1972 anandisankha kudzaphunzira za nthaka kuno ku Mangalande. Ndili mkati mwa maphunziro, mkulu wanga wa bere limodzi anatengedwa ndi anthu a boma kwathu, ndipo wapaulendo wina anandinong'oneza uthenga wa mayi anga wakuti ndisayerekeze kubwerera. Thandizo la sukulu linaduka. Ndinapezeka ku Tottenham, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo, ndikutsuka mbale m'malo odyera. Chimene chinandigwira kuti ndisagwe ndi kagulu ka Amalawi kamene kankapemphera Lamulungu masana m'holo yobwereka. Wotsogolera anali a Gondwe, mkulu wa mpingo, munthu wa nthabwala, amene anathawa kale kwathu ndipo ankayendetsa basi.

1974 ndi 1975

Mzungu wina wa pa tchalitchi chimene tinkabwereka holo anamva kuti ndine wa zaulimi, nandilozera kwa mlimi wina kupitirira Enfield, kumene nyumba za London zimathera n'kuyamba minda. Dzina lake a Dennis. Anali wamfupi, wofiira nkhope, wosalankhula zambiri. Malowo sanali awo. Ankachita lendi kwa eni ake, monga ankachitira bambo awo. Ankalima tirigu ndi barele, ndipo anali ndi khola la ng'ombe zofiirira zimene mtundu wake unachokera kwa bambo awowo. Akazi awo, mayi Pat, ankazidziwa ng'ombezo ndi maina. A Dennis anayang'ana manja anga, osati mapepala anga. Dzina langa la Fredson analidula pomwepo. "Fred, uyamba Lolemba. Kuli kanyumba kuseri kwa khola. Denga limadontha, koma ukalikonza ndi kako ukadali pano." Chaka chomwecho amayi anu ananditsata kudzera ku Zambia, ndipo kanyumba kameneko ndi kamene iwe Tiyamike unabadwiramo.

A Dennis anali atayamba kuyesa mbewu imene inali yachilendo m'deralo. Inu mumaiona pa botolo la mafuta ophikira itatchedwa kanola. Ife tinkati repu. Njere zake ndi zakuda, zazing'ono ngati za mpiru, ndipo akazifinya amatulutsa mafuta. Amafesa kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, tirigu akangochoka, kuti chisanu chikamafika mbewuyo ikhale itayala masamba, muzu utazama. Imagona m'nyengo yozizira, mu Meyi imachita maluwa achikasu, ndipo imakololedwa mu Julayi. Ukachedwa kufesa, imalowa m'chisanu ili khanda. Inkagulidwa bwino kuposa barele, ndipo tirigu wobzalidwa pambuyo pake ankabereka kwambiri.

Tsiku limene amayi anu anauona munda wa repu koyamba anaima, nagwira pakamwa. "Amuna anga, zonsezi ndiwo? Ndipo anthu ake akungozidutsa?" Anakapempha kwa mayi Pat kuti athyoleko masamba anthete m'mphepete. Mayi Pat anavomera, koma madzulo ake anafika ndi mazira ndi buledi, nkhope ili ndi chisoni, poganiza kuti tili pa njala. Pambuyo pake anamvetsa, ndipo ankatichenjeza munda ukapoperedwa mankhwala. Lamulungu tinkakwera basi ndi matumba a repu kupita ku Tottenham, ndipo amayi a mumpingo ankatilandira ngati tabwera ndi makalata a kwathu.

Koma ine mumtima sindinali wokondwa. Ntchito yanga inali kuwola ndowe, kukonza mipanda, kunyamula matumba. A Gondwe ankandinunkhiza mwadala pakhomo la holo. "Achimwene, munthu wa masatifiketi, mwabwera ndi perefyumu wa ng'ombe? Bwerani ku mabasi, kuli yunifolomu, kuli ovataimu." Ndinkaseka nawo, koma zinkandilowa. Ine amene midzi inkasonkhana pansi pa mtengo kudzandimvera, panalibe ndi mmodzi yemwe wondifunsa kanthu.

1976

Chaka chimenecho kumwamba kunatsekeka. Achikulire a kuno amachikumbukira mpaka lero. Udzu unauma n'kukhala ngati wa kwathu mu Okutobala, dziwe la ng'ombe linasanduka ming'alu, moto unkabuka m'mathengo, utsi uli tolo. Azungu anali balalabalala. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinkamva ngati ndafika kwathu. Ng'ombe zinayamba kudya udzu umene tinasungira nyengo yozizira, tirigu anatuluka wopepuka. A Dennis anaona kuti chimene chingapulumutse khola lawo ndi repu wa chaka chotsatira, ndipo anaganiza zodzaza nawo munda wawo waukulu kuposa yonse, umene tinkautcha wa Kumunsi, wa dothi lakuda lolemera, m'mbali mwa kamtsinje. Ogulitsa zakudya za ziweto anavomera kuwadikira pa ngongole yawo mpaka repuyo atakololedwa.

Tsiku lina tikumwetsa ng'ombe ndi madzi a m'thanki, a Dennis anavula chipewa, napukuta thukuta. "Fred, ine zotere sindinazionepo, ngakhale bambo anga. Iwe unakulira m'zimenezi. Kwanu mumatani?" Ana anga, funso limenelo linanditsekemera ngati uchi. Ndinawauza zodula nthambi za mitengo kuti ng'ombe zidye masamba, ndi zozitulutsa m'mawa kwambiri dzuwa lisanakwere, ndipo zinathandiza. Anayamba kundifunsa kawirikawiri. Kwathu timati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinaiwala kuti kalumo kamathanso kucheka mwini nyumba.

Kumapeto kwa Ogasiti mvula inagwa, ya mabingu, yamphamvu. Fungo linakwera lomwe lija la ku Mchinji. Itakata, ndinapeza a Dennis akumangirira makina ofesera ku thirakitala, matumba a njere ali pambali.

"Mawa tilowa Kumunsi," anatero.

"Bwana, musatero," ndinawayankha. "Mvula iyi ndikuidziwa. Kwathu ili ndi dzina, timati chizimalupsa."

"Chizi chiyani?"

Ndinawaphunzitsa kulitchula mpaka anayandikira, tikuseka. Kenaka ndinakumba pansi ndi chala n'kuwaonetsa kuti chinyezi changolowa pang'ono, pansi pake pali fumbi. "Njere zimera ndi chinyezi ichi, dzuwa libwerera, zipsa zonse. Ndinaziona ndi maso anga. Pambuyo pa chilala chotere, mvula yoyamba ndi yonyenga. Dikirani yachiwiri."

Anayang'ana kumwamba, nayang'ana ine. "Bambo anga ankati munda wa Kumunsi ukakulola kulowa, lowa."

"Bambo anu sanaonepo chaka ngati chino. Mwanena nokha."

Kenaka anamasula makinawo. "Chabwino, Fred. Chilala ndi chako."

Masiku otsatira kunachadi bwino, dzuwa linawala. Mlimi woyandikana nafe anafesa repu wake masiku amenewo, ife tikumuonera pa mpanda, ine ndikumumvera chisoni. Lamulungu ndinaimirira mu mpingo n'kuchitira umboni kuti Ambuye amakweza wonyozeka, kuti monga kapolo uja anatulutsidwa m'ndende kukalangiza mfumu za zaka za njala, inenso ndachotsedwa pa ndowe kukalangiza mwini munda. Anthu anati ameni. A Gondwe anandipatsa dzina tsiku lomwelo: mneneri wa ku Enfield.

Mvula yachiwiri inabweradi. Koma sinabwere kudzachoka. Inagwa Seputembala, inagwa Okutobala, mvumbi wosalekeza, ngati kumwamba kukubweza ngongole ya chaka chonse. Ndipamene ndinaona chimene dothi la Kumunsi limachita likakhuta madzi. Limamata ngati ulimbo. Nsapato imalowa, phazi limatuluka lokha. M'mawa uliwonse a Dennis ankaima pa chipata cha mundawo, manja m'matumba, ine ndili kumbuyo kwawo ngati galu wakuba mazira. Tinayesa kulowa, thirakitala inatitimira mpaka tinakapempha woyandikana nafe uja kuti adzatikoke. Anabwera akudutsa m'mbali mwa repu wake wobiriwira. Tinafesa mochedwa kwambiri, m'matope, kungokwirira njere m'manda. Zimene zinamera zinali zofooka. Nkhono zopanda chigoba zinadya zina, ndipo chisanu chitafika njiwa zinatsika m'magulumagulu kudzamaliza. Ndinkazungulira mundawo ndikumenya zitini, ndinaimika timitengo ta mapepala apulasitiki, ndinasala kudya, ndinapemphera mogwada m'matope. Njiwa zinkangouluka n'kukatera mbali ina.

1977

Pofika Malichi munda wa Kumunsi unali dothi lokhalokha. Mu Meyi munda wa woyandikana nafe uja unachita chikasu chowala mpaka kupweteka m'maso, ndipo ndinkayenda chozolika kuti ndisauone. Ogulitsa zakudya za ziweto sanathenso kudikira. A Dennis anagulitsa ng'ombe zonse.

Amene anazikweza m'lole ndine. Ndikadakonda a Dennis akadandimenya. Mayi Pat anaima pa chipata cha khola atavala jasi la amuna awo, ndipo ng'ombe iliyonse ikamadutsa ankaigwira pamsana n'kuitchula dzina. Ina yokalamba inakana kukwera. Ndinaikankha ndi phewa, iyo ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Lole itachoka, pabwalo panali zii, ndipo ndinazindikira kuti phokoso limene ndinkadana nalo m'mawa uliwonse linali moyo wa malo amenewo. A Dennis anatseka khola lopanda kanthu, namanga chingwe monga ankachitira masiku onse.

Ku mpingo ndinasiya kuimirira. Matumba a repu anatha, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. A Gondwe sanandinenenso kuti mneneri, ndipo kusiya kwawoko kunandipweteka kuposa dzinalo. Anandikokera pambali. "Achimwene, ku garaji akufuna makondakitala. Ndakulankhulirani kale. Mzungu uja sakusungani, ng'ombe zapita, muziwola ndowe ya ndani? Chokani nokha asanakuchotseni." Ndinaona kuti ndi khomo limene Mulungu watsegula. Amayi anu anali ndi pakati pa iwe Dalitso. Ndinawauza tikudya.

"Akuchotsani?" anafunsa.

"Ayi, koma nkhope yanga ndiiika pati?"

"Pomwe ili. Ine ndinadutsa malire ndi kachikwama kamodzi kutsata mwamuna, osati kutsata nkhope. Mwana uyu akabadwire m'kachipinda ka pa sitolo chifukwa inu mukuopa kuyang'ana mzungu m'maso?"

"Ndawaphera khola, Nangozo."

"Ndiye mwawaphera khola, muwathawenso? Munthu akaswa mtsuko wa eni sathawa ndi nkhata. Pitani mukalankhule nawo. Akakuchotsani, tichoka ndi pemphero. Koma musanamizire Mulungu kuti watsegula khomo pamene mwaboola nokha mpanda."

M'mawa mwake ndinawapeza a Dennis akunola chikwakwa. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anatuluka ochepa. Ndinati ndinalakwa, ndipo ngati akufuna kanyumba kaja tituluka mwezi usanathe. Sanasiye kunola.

"Anakufunsa ndani?"

"Inu, bwana."

"Anamasula makina ndani?"

"Inu."

"Ndiye tenga fosholo. Ngalande ya Kumunsi yatsekeka."

Basi. Sananditukwane, sananenenso kuti andikhululukira. Nkhaniyo sanaitchulenso. Ndinatenga fosholo ndikulira, ndipo m'ngalandemo ndinalumbira kuti pakamwa panga sipadzatulukanso langizo pa malo amenewo.

1978 mpaka 1983

Lumbirolo ndinalisunga. Popanda ng'ombe, repu ndiye anasanduka msana wa famuyo, ndipo zaka zimenezo ndinaphunzira ndi manja zimene sukulu sinandipatse. Kuno mvula ilibe nyengo yake ngati kwathu. Chaka china imakumiza, china imakumana, ndipo mlimi amakonzekera chonyowa kukadali kouma. Ngalande tinkakumba m'chilimwe, thukuta lili chuchuchu, anthu odutsa akudabwa. Tinkakoka chitsulo pansi pa dothi lolemera kuti chiboole tinjira ta madzi, ndipo zimenezi zimatheka dothi likauma pamwamba. Chaka chouma sitinkatembenuza nthaka mozama, kuopa kutaya chinyezi, koma kungokanda pamwamba, kufesa, n'kutsendera ndi rola, chitsulo cholemera chogudubuzika. Repu sitinkabwereza pa munda umodzi zaka zotsatizana, kuopa matenda. Pang'ono ndi pang'ono a Dennis anaimanso, ngakhale msewu waukulu wozungulira London unadzadya ngodya ya malo awo.

Ankandifunsabe nthawi zina. "Fred, ukuona bwanji?" Ine ndinkati, "Tiona, bwana." Ndinkayesa kumeneko ndiko kudzichepetsa. Chaka china chonyowa repu anakhwima, makoko ake atauma moti ukawakhudza amathetheka. A Dennis anaganiza zoyamba ndi barele. Ine ndinaona mitambo ndi mphepo yake, mtima unandiuza kuti repu sadikira, koma ndinatseka pakamwa. Mkuntho unafika, njere zambiri zinathothokera pansi, munda unada ngati wathiridwa makala. A Dennis anandiyang'ana. "Unadziwa?" Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali ngati wantchito uja anakwirira chuma cha mbuye wake pansi chifukwa cha mantha, n'kumadziyesa wokhulupirika. Manyazi oyamba anabala achiwiri.

1984 ndi 1985

Chilimwe cha 1984 chinaumanso. Tili mkati mokolola, a Dennis anagwa pafupi ndi nkhokwe ya tirigu. Anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa panapotoka, mawu anatsekeka. Zokolola tinamaliza mothandizidwa ndi oyandikana nafe. Munthu wa eni malo anabwera ndi galimoto yake yoyera, nayendera minda, nauza mayi Pat mwaulemu kuti ngati minda siifesedwa bwino chaka chimenecho, eni ake adzafuna mlimi wina. Pamenepo a Dennis akadatuluka m'nyumba imene anabadwiramo, ndipo ife tikadatuluka m'kanyumba kathu.

Repu anayenera kubwerera Kumunsi chaka chimenecho, ndi ku kamunda kena ka kumtunda, ka dothi la miyala ndi mchenga. Ogasiti anali kutha, mvula kulibe, pansi pali gwaa. Mayi Pat anabwera pakhomo pathu. Inu awiri munali kusewera panja.

"Fred, njere zafika. Tifese m'fumbi kapena tidikire mvula?"

"Tiona, mayi."

"Ayi!" Sindinawamvepo akukweza mawu chotero. "Dennis sangalankhule, iwenso sufuna kulankhula. Ine ndifunse ndani, njiwa? Ng'ombe zija ndinazilira ndipo ndinamaliza. Iwe ukadali nazo pamsana. Zitule, undiuze chochita."



Ndinapita ndekha Kumunsi masana, dzuwa lili pamutu. Ndinagwada, osati kuti ndione dothi koma kuti ndipemphere, ndipo pemphero lake linali losauka: Ambuye, musandilole ndiphenso za eni. Potsamira pansi dzanja langa linalowa mu mng'alu mpaka pa mkono. Ndinayang'ana dothi lakuda lija, ming'alu yake, kamtsinje m'mbali, ndipo ndinachita manyazi atsopano, pakuti ndinalizindikira. Anali makande. Linali dambo. Zaka khumi ndinaliponda osaona kuti ndi dambo la kwathu, limene ana omwe amadziwa kuti umalilima kukadali kouma, chifukwa mvula ikayamba khasu sililowa. Mu 1976 sindinalakwe pokumbukira kwathu. Ndinakumbukira munda wa kumtunda nditaima m'dimba. Ndinali wotanganidwa ndi kuyang'ana kumwamba ngati mneneri, osayang'ana pamene ndaponda ngati mlimi.

Ndinakalowa m'chipinda mmene anakhazika a Dennis pafupi ndi zenera, bulangete pa maondo. Ndinagwira chipewa m'manja. "Bwana, Kumunsi ndifesa mawa, m'fumbi momwemo. Ndikanda pamwamba pokha, nditsendera ndi rola kuti njere zigwirane ndi dothi. Zikagona zouma zidikira. Kamvula kochepa kakagwa n'kuleka, zimera n'kupsa, ndipo ndidzakhala nditakuphani kachiwiri. Koma ndikadikira, dothi lija silidzandilolanso. Kumtunda ndidikira mvula, chifukwa kumeneko kumauma msanga, ndingalowe tsiku lililonse." Anandiyang'ana. Kenaka anakweza dzanja lamoyo lija, naloza pakhomo, ngati akuti ukudikiranso chiyani.

Ndinafesa. Fumbi linali kumbuyo kwa thirakitala ngati utsi, ndipo chilichonse chimene ndinaphunzitsa anthu a ku Mchinji chinkandikalipira m'mutu. Tsiku lina kunawaza kamvula kongonyowetsa denga, n'kusiya. Ndinathamangira Kumunsi, ndinafukula njere ndi chala, ndinazipeza zikadali zouma, zolimba. Ndinakhala pansi pomwepo. Lamulungu ndinaimirira mu mpingo koyamba chichitikire zija, osati kudzachitira umboni koma kudzapempha. A Gondwe anatsogolera pemphero, ndipo pomaliza anawonjeza kuti, "Koma Ambuye, mvulayo muipime bwino, mbale wathuyu musamumizenso." Anthu anaseka ali chitsinzinire, inenso ndinaseka.

Mu Seputembala mvula inafika, yokhazikika, ndipo inapitirira. Kumunsi kunatsekeka monga kale, koma njere zinali kale m'nthaka. M'mawa wina ndinaona mizere yobiriwira, yopyapyala ngati ulusi, kuchokera pa chipata mpaka ku kamtsinje. Kumtunda ndinafesa mvula itapumira, ndipo sikunachite bwino kwenikweni. Njiwa zinadya mbali ina. Koma munthu wa eni malo anabwera, anaona, nabwerera osanena zoipa.

Mu Meyi 1985 tinawanyamula a Dennis, ine ndi mayi Pat, n'kuwakhazika m'galimoto mpaka pa chipata cha Kumunsi. Munda wonse unali chikasu, njuchi zili ng'ung'ung'u. Mawu awo anali atabwerera pang'ono, amodziamodzi, movutikira. Anayang'ana mundawo, kenaka ine. Milomo inanjenjemera, ndipo ndinawerama kuti ndimve.

"Chizi... ma... lupsa," anatero.

Mbali yamoyo ya nkhope yawo inali kuseka. Zaka zonsezo liwu limenelo anali nalo, ndipo sanandilase nalo ngakhale tsiku limodzi. Analisunga mpaka tsiku limene likanakhala nthabwala. Mayi Pat anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Ine ndinatembenukira ku mpanda, chifukwa kuchokera pamenepo khola linkaoneka, chingwe chija chikadali chomanga, mkati mulibe kanthu.

A Dennis anamwalira patapita zaka zochepa, m'nyumba imene anabadwiramo. Ng'ombe sizinabwererenso. Mpaka lero ndikaona minda yachikasu pa zenera la sitima, chimene chimayamba kundifikira si munda umene ndinapulumutsa, koma ng'ombe yokalamba ija ndi diso lake. Sindinapemphe Ambuye kuti andichotsere zimenezo. Ndipo mukandifunsa za mvula ndidzatibe, "Tiona," pakuti za kumwamba mwini wake alipo. Koma mukandifunsa za dothi, ndidzakuyankhani.

Tsono inu ana anga, ndi ana anu, ndi aliyense amene adzawerenge izi: Mulungu wa makolo athu, amene anatitsogolera m'dziko la eni, akupatseni mvula pa nthawi yake ndi dzuwa pa nthawi yake. Akupatseni maso oona pamene mwaponda musanatsegule pakamwa, ndipo pamene muyenera kulankhula asakulekeni mubisale m'manyazi. Tsiku limene mudzaswe mtsuko wa eni, akuikireni pafupi munthu wokupatsani fosholo m'malo mwa chitonzo, ndipo inunso mudzakhale munthu wotero kwa wina. Mtendere wa Ambuye Yesu ukhale pa nyumba zanu, m'chaka chouma ndi m'chaka chonyowa. Ameni.